Kalekale Ndi Liti?

Lachiwiri, 7 Novembala 2023

Kope ili ndi la Bwanali Saidi, chipinda 14, bedi la kuzenera. Likasowa mundibwezere.

Andibweretsera ndi akazi anga, mayi a Sufian, dzina lawo Hasna. Akuti ndizilemba zimene adokotala anena m'malo mowafunsa iwo funso limodzi kasanu. Kwathu ku Mangochi ndinali telala, ndinazolowera kulemba miyezo ya anthu, choncho cholembera sichindivuta ngakhale sukulu ndinalekera Sitandade 7. Kuno ku Brampton, kudziko la azungu, ndimanyamula makatoni ku weyahausi, nyumba yosungiramo katundu.

Ululu unayamba Loweruka usiku, usiku umene kuno amabweza mawotchi m'mbuyo. Tinali titadya nyama ya mbuzi kwa a Ayub, eni nyumba imene timakhala ku besimenti kwake, zipinda za pansi pa nthaka. Unandigwira pansi pa nthiti za kumanja n'kubowolera kumsana. Lamulungu Hasna anati tipite kuchipatala, ine ndinakana. Dzulo m'mawa, iwo atapita kukalemba mayeso ku koleji, ndinayamba kusanza. Anandinyamula pa galimoto ndi Yusra, mwana wamkazi wa a Ayub, wobadwira konkuno, amene amagwira ntchito kubanki. Tinakhala pa mipando ya odikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Za kumeneko sindikukumbuka bwino.

Zimene apeza: mu ndulu muli timiyala, kamodzi katsika n'kutseka njira. N'chifukwa chake maso achita chikasu. Kutentha kwa thupi 38.6. Dripi kudzanja lamanzere. Mankhwala olimbana ndi tizilombo katatu pa tsiku, kudzera mu dripi momwemo. Kudya ayi, kumwa ayi. Amangondipatsa kasiponji konyowa kopukutira milomo.

Ndafunsa za ndalama. Hasna akuti ndigone. Aliyense wobwera kudzaphunzira pa koleji yawo ayenera kukhala ndi inshuwalansi ya chipatala, amaidula pamodzi ndi fizi, ufune usafune. Ine nditafika mu Julayi anandilembetsa pa yawoyo, tinalipira yoonjezera. Khadi la boma limene eni dziko amaonetsa ine ndilibe. Tsiku lolipira lija ndinanyinyirika kuti tikutaya ndalama, munthu sindinagonepo m'chipatala chibadwire. Lero khadi la inshuwalansilo ndaliika pansi pa pilo.

Lachitatu, 8 Novembala

Andilowetsa kapaipi ka kamera kudzera kukamwa kukachotsa kamwala kaja. Anandigoneka tulo, sindinaone kanthu. Kukhosi kukuwawa. Akuti katuluka. Ndinapempha kuti andionetse, namwino wamwamuna dzina lake Ryan anaseka, akuti kanapita kale ndi matumbo.

Ndulu yonse aichotsa thupi likazizira. Lero 38.1.

Mnzanga wa bedi la kuchitseko ndi a Malcolm, mkulu wa ku Jamaica, anapuma pa ntchito yoyendetsa basi. Ali ndi bala la shuga kuphazi. Amanditchula Telala. Akufuna ndikachira ndiwasokere jekete, akuti adzalipira ndi malangizo.

Swala ndikuswali chogona. Foni ikusonyeza kuti Kibula, mbali yoyang'ana poswali, ili kumene kuli botolo la dripi.

Lachinayi, 9 Novembala

37.9 m'mawa. Magazi atenga kawiri. Andilola madzi ndi msuzi wopanda kanthu.

Masana kunabwera mayi wa ku ofesi ya malipiro, waulemu ndithu, atanyamula pepala. Chingerezi changa ndi cha ku weyahausi, ndinangotolamo mawu awiri atatu. Ndinamupempha abwerenso Hasna akafika. Anabwera madzulo, ndipo ndinaona nkhope ya Hasna ikusintha iye akuyankhula.

Nkhani yake ndi iyi. Kampani ya inshuwalansi yaimitsa kaye kulipira. Pa mgwirizano wathu analemba kuti salipira matenda amene munthu anali akuwamva kale asanalembetse, matenda obwera nawo. Ndipo pa fayilo yanga dokotala wa Lolemba uja analemba kuti wodwala wakhala akumva ululu umenewu kwa zaka zambiri, kuyambira ali kwawo.

Mayiyo atatuluka Hasna anakoka katani.

"Bambo a Sufian, Lolemba lija munawauza chiyani adokotala?"

"Sindinayankhule nawo. Amayankhula ndi Yusra."

"Nanga Yusrayo munamuuza chiyani?"

Ndinaganiza nthawi ndithu, kenaka zinabwera. Dokotala anafunsa funso, Yusra n'kunditembenukira, "Ankolo, kupweteka kwayamba liti?" Ine nditaweramira m'beseni, nditatopa ndi kudikira, ndinangoponya dzanja kumbuyo kwa phewa n'kuti, "Aa, kalekale." Dokotala anafunsanso kena, Yusra anati, "Ku Malawi?" Ine ndimaganiza kuti akufunsa kwathu, ndinagwedeza mutu.

Hasna anakhala pansi. Anati, "Mwana ujatu kalekale amene amamudziwa ndi wa m'nthano, zimene mayi ake ankamusimbira ali wamng'ono. Kalekale nyama zikuyankhula."

Ine kalekale wanga anali wa Loweruka.

Ndafunsa mtengo wa bedi lino pa tsiku. Hasna anakana kundiuza, koma ndinauona pa pepala lija. Ukuposa zimene ndimalandira mwezi wathunthu. Ndalama imene tili nayo ndi ya fizi ya Januwale yokha, temu yawo yomaliza, yofunika kulipira Disembala asanafike pakati. Ikapita kuchipatala, sukulu yatha. Sukulu ikatha, chilolezo chawo chokhalira kuno chatha, changanso chatha chifukwa chinakolekedwa pa chawo. Puloti tinagulitsa. Makina anga onse awiri tinagulitsa.

Lachisanu, 10 Novembala

37.7. Chikasu chayamba kuchepa. Phala la oti theka la mbale.

Swala ya Juma yandidutsa ndili pa bedi. A Ayub anabwera kuchokera ku mzikiti, atavala mkanjo pansi pa jekete, atanyamula malalanje amene sindingadye. Ndawapatsa a Malcolm.

Hasna anandiuza dzulo kuti njira ilipo: dokotala akhoza kuonjezera mawu pa fayilo, koma pafunika amene anamasulira uja anene yekha kuti sanamve bwino. Usiku wonse ndimakonza m'mene ndiyambire. Munthu uyu anatilandira pa bwalo la ndege, anatipatsa besimenti pa mtengo wa chibale pamene si m'bale wathu, anandipezera ntchito. Mwana wake anajomba kubanki tsiku lonse chifukwa cha ine, ndinamusanzira m'galimoto. Ndiyambe bwanji kunena kuti walakwitsa?

Ndinazungulira, ndinafunsa za malole awo, za nyengo, kenaka ndinanena.

Anasisita ndevu. Kenaka anati, "Che Bwanali, inu mwabwera dzulodzuloli, dziko lino simulidziwa. Makampani awa ali ndi maloya. Mwana wanga akasaina kuti ananena zosakhala zoona kuchipatala, mawa amulemba kuti ndi wabodza. Munthu wa kubanki akamulemba choncho, ntchito yatha."

"Sikuti ananama ayi, sanamve chabe."

"Inu ndi ine tikudziwa zimenezo. Pepala silidziwa. Musamuuze, chonde. Mtima wake ndi wofewa, athamanga kukasaina. Ife tisonkha ku mzikiti, tiona pamene tifike."

Ndinati zikomo. Ndikanati chiyani? Kusonkha kwa ku mzikiti ndikukudziwa, tinasonkhera maliro mu Seputembala. Anthu ndi a mtima wabwino koma ndife ochepa. Sizingakwane ngakhale masiku awiri a bedi lino.

Atapita, a Malcolm anafunsa chimene chandikhumudwitsa. Ndinayesetsa kuwafotokozera. Anaseka mpaka namwino anasuzumira. Akuti kwawo ali ndi mawu oti "soon come", munthu akanena choncho akhoza kubwera tiyi asanazizire kapena chaka chamawa. Akuti, "Telala, mawu anuwo ndi athuwa akwatirane, ana awo sadzafika pena paliponse pa nthawi yake." Ndinaseka pang'ono, pamimba panakana.

Loweruka, 11 Novembala

Thupi latenthanso, 38.4. Asintha mankhwala. Opaleshoni aikankhira kutsogolo. Tsiku lililonse loonjezera ndikuliona ngati katoni ina pamsana pa Hasna.

M'mawa ndinauza Ryan kuti ndikufuna kutuluka, andipatse pepala ndisaine. Ululu wachepa, kamwala anachotsa, ndulu ikhoza kudikira. Ryan anati ndi ufulu wanga, koma dokotala ayenera kundifotokozera kaye kuopsa kwake. Anandifunsa ngati angaimbire akazi anga. Ndinavomera poganiza kuti abwera ndi nsapato ndi jekete.

Anabwera opanda kanthu, mpango uli pambali.

"Mwati mukupita kuti?"

"Kunyumba. Ndikamwa Panado."

"Ine ndinagwira unamwino zaka khumi ndi zisanu ku Mangochi. Anthu othawa m'chipatala ndulu ili ndi mafinya ndinawaona m'mene amabwerera. Mukufuna kupulumutsa ndalama? Mtengo wotumiza bokosi pa ndege mpaka ku Chileka mukuudziwa?"

Ndinabweza miyendo pa bedi.

"Ndiye gonani. Ndalama ndidandaule ndine, inu ntchito yanu ndi kuziziritsa thupi."

Anandikonzera pilo mwamphamvu ngati akumenya ufa m'thumba. Pambuyo pake ndinawamva akulira ku bafa, madzi atawatsegula kuti ndisamve.

Sufian anaimba kuchokera kwa azakhali ake ku Mangochi. Tamuuza kuti ndi m'mimba chabe. Ali ndi mayeso a Fomu 3, asasokonezeke.

Lamulungu, 12 Novembala

37.8 m'mawa, 37.4 madzulo. Alhamdulillah.

Ndilembe bwinobwino za lero.

Masana anabwera mayi Tabu, akazi a a Ayub, ndi phala la mpunga lopanda mafuta. Anawasiya pakhomo ndi Yusra, iye n'kupita kukagula zinthu, kuti abwera kudzawatenga. Mayi Tabu akudziwa kuti kampani ikuvuta, koma chifukwa chake amuna awo sanawauze. Ine ndi Hasna tinagwirizana kuti tisunga pakamwa monga a Ayub anapempha. Tinacheza za mitengo ya zinthu ndi za chisanu chimene chikubwera.

Atafuna kunyamuka anaimbira Yusra kuti abwere. Anadikira, anaimbanso. Kenaka Yusra analowa akupuma mwamphamvu, makiyi m'manja. Iye amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi, ndilemba m'mene ndinamvera.

Mayi Tabu anati, "Iwe, ndakuimbira kalekale, umatani?"

Yusra anati, "Amayi, papita mphindi makumi awiri zokha. Poimika galimoto panalibe malo."

"Ndiye si kalekale ameneyo? Miyendo yachita kutupa."

Yusra anaima chilili. Anayang'ana mayi ake, anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana dripi.

Anasendera pafupi ndi bedi, n'kuyesa Chichewa chake chija. "Ankolo. Tsiku lija. Kalekale inali liti?"

Ndinakumbuka pempho la bambo ake. Koma wandifunsa maso ndi maso, ndiname?

"Loweruka usiku, mwanangu."

"Loweruka liti? La sabata lomwelo?"

"Lomwelo. Titadya mbuzi ija."

Anagwira pakamwa. Anatembenukira kwa Hasna n'kuyamba Chingerezi chothamanga, ndinangomva "inshuwalansi" ndi "ndine". Hasna anamugwira dzanja akuti si mlandu wake, wodwala ndi amene anayankha ngati ali pa mzere wa chigayo. Mayi Tabu anali asanamvetse, anafunsa kuti mbuzi yawo yatani, inali yabwinobwino, anaigula kwa wogulitsa nyama wachisomali wodalirika. Hasna atawafotokozera anakhala pansi pa mpando wa a Malcolm osapempha.

Yusra anafunsa chifukwa chimene sitinamuuze. Ine ndi Hasna tinayang'anana. Anati, "Adadi ndi amene anakuletsani?" Hasna anayang'ana pansi. Anatola chikwama chake n'kunena kuti abwera tsiku limene dokotala angamupatse.

Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Sindinamuuze ndine, koma sindinabisenso. Phala linali lokoma, ndadya lonse.

Lolemba, 13 Novembala

37.1. Magazi akuti ali bwino. Opaleshoni andibukira Lachitatu m'mawa.

Hasna akuti kunyumba dzulo kunali mawu. Ku besimenti zimamveka zonse za pamwamba. M'mawa anakumana ndi a Ayub pa galimoto, anapatsana salamu yokha. Tikathamangitsidwa m'nyengo ino tipita kuti? Nyumba kuno sizipezeka, ndipo ine sindinyamula katoni kwa milungu ingapo.

Dokotala wa opaleshoni, mayi wachikulire wa magalasi, wavomera kukhala nafe mawa masana. Akuti aitana womasulira wa chipatala pa foni kuti pasakhalenso za pachibale.

Chinthu china chikundisowetsa mtendere. Mu 2016, ku ukwati wa mphwanga ku Namwera, m'mimba munandipweteka masiku awiri. Akandifunsa ngati ndinamvapo ululu m'mimba, ndinene kapena ndisanene? Ndafunsa Hasna. Akuti ukwati wonse unatsegula m'mimba tsiku lija, ndi shehe yemwe, ndisayambe zanga. Koma akandifunsa?

Lachiwiri, 14 Novembala

36.9. Kuyambira pakati pa usiku kudya ayi, kumwa ayi.

Msonkhano unachitika pa bedi pomwe pano. Dokotala anakhala pa mpando, foni anaiika pa thebulo lodyera. Hasna ku miyendo kwanga. Yusra anabwera ndi zovala za kuntchito, pa nthawi yake ya nkhomaliro. Titangoyamba, chitseko chinatseguka, a Ayub. Anaima pakhomo, chipewa cha chisanu m'manja. Anati, "Ine ndangobwera kudzaona kuti asamusainitse zachabechabe." A Malcolm anawalozera mpando, anakana.

Womasulira anali bambo wa ku Chipata. Anati, "Muli bwanji atate, kambani mwaufulu, ine nizamasulira vonse." Chinyanja chake cha ku Zambia, koma timamvana.

Dokotala anafunsa kuti ululu unayamba liti. Ndinati Loweruka, pa 4 Novembala, usiku, titadya. Anafunsa ngati ndinaumvapo chiyambire. Ndinati ululu umenewu ayi, ngakhale tsiku limodzi. Anafunsa ngati ndinapitapo kuchipatala kapena kumwa mankhwala chifukwa cha ndulu. Ndinati ndulu ndimaidziwa ya mbuzi ndi ya nkhuku, yanga ndaimva kuno.

Kenaka Yusra anafotokoza zimene zinachitika Lolemba lija. Sanasiye kanthu. Dokotala anafunsa womasulira tanthauzo la mawuwo. Bamboyo anayankha m'Chingerezi nthawi yaitali, dokotala n'kuvula magalasi akuseka. Hasna anandinong'oneza kuti wati mawu amenewa amayambira pamene Mulungu analenga dziko n'kulekezera pamene ketulo yawira, ndipo kuti udziwe pamene munthu akunena uyenera kumufunsa kachiwiri.

Apo dokotala anati, "Palinso china chimene mukufuna ndidziwe?"

Ndinamva Hasna akundigwira chala cha kuphazi. Ndinayang'ana kudenga. Koma mawa andigoneka tulo, ndipo munthu sudziwa ngati udzuka. Sindinafune kupita ndi kanthu kobisa.

Ndinati, "Mu 2016 ku Namwera kunali ukwati."

Hasna anafinya chalacho. Ndinapitiriza, ndinanena zonse, mpunga, nyama imene inagona, masiku awiri aja. Womasulira anamasulira mokhulupirika, ndimamva akudziletsa kuseka. Dokotala anafunsa kuti ululuwo unali pati. Ndinaloza pansi pa mchombo. Anafunsa ngati ena anadwalanso. Hasna anayankha msanga kuti anthu oposa makumi asanu, iwonso anali m'gulumo, ndi amene amagawa madzi a mchere ndi shuga. Dokotala anati zimenezo ndi za ophika, si za ndulu, koma alemba kuti ndinanena, kuti pasadzapezeke wonena kuti ndinabisa.

Ndinafunsanso chimene chimandidya: timiyala timeneti sitinamere sabata yatha, nanga kampani sidzati ndinabwera nato? Anati anthu ambiri amayenda ndi timiyala moyo wonse osadziwa, ndipo iye alemba zimene akuziona, kuti kudwala kwanga kunayamba mwadzidzidzi mwezi uno. Koma anati chigamulo si chake, ndi cha kampani. Sanandilonjeze kanthu.

Yusra anafunsa pamene asaine. Dokotala anati palibe chosaina, iye si wantchito wa chipatala, anangothandiza munthu wodwala, ndipo tsiku lija pakanayenera kuitanidwa womasulira ngati lero. Anatembenukira kwa a Ayub n'kunena kuti ali ndi mwana wabwino. A Ayub anangoti "Thank you, doctor," akupinda chipewa chija.

Onse atatuluka a Ayub anatsalira. Anayang'ana botolo la dripi ngati akuwerenga zolembedwapo.

"Ndiye mawa akung'ambani."

"Eya, Insha Allah."

"Hita yofunditsa ku besimenti ija ndaikonza. Imalira usiku, bwanji simunanene?"

"Sitinafune kuvutitsa."

"Inu a ku Mangochi, kusafuna kuvutitsa kwanuko n'kumene kumavutitsa."

Iwonso ndi a ku Mangochi. Anandiwerengera pemphero la duwa, anapita.

Lachitatu, 15 Novembala

Ndadzuka. Timabowo tinayi.

Lachinayi, 16 Novembala

Phewa lakumanja likuwawa kuposa pamimba. Ryan akuti ndi mpweya umene anandipopera, utha wokha ndikamayenda. Ndayenda mpaka pa zenera la kumapeto kwa khonde, ndege zikutera ku bwalo la Pearson motsatizana.

Ndayang'ana m'mene asokera. Ulusi suoneka, akuti uli mkati ndipo usungunuka wokha. Pamwamba amata timapepala. Ntchito yaukhondo, ngakhale kabowo ka pa mchombo akanakawongola pang'ono.

Mayi wa ku ofesi ya malipiro anadutsa. Kalata ya dokotala yapita ku kampani, Hasna walembanso yake yoapila kudzera ku ofesi ya ophunzira akunja ku koleji. Yankho litenga milungu iwiri kapena kuposa. Ndinafunsa kuti kuposa kwake mpaka liti. Anatambasula manja. A Malcolm kuseri kwa katani anati, "Soon come."

Lachisanu, 17 Novembala

Anditulutsa. 36.8. Mankhwala a ululu pokhapokha ukavuta, a tizilombo masiku asanu. Osanyamula cholemera milungu inayi. Zamafuta pang'onopang'ono. Kubweranso kudzachekedwa pa 1 Disembala.

A Malcolm ndawayeza ndi tepi ya pepala imene anamwino amayezera mabala: mapewa 19, chifuwa 46, dzanja 25. Makina ndilibe, koma mayi Tabu akuti ali nawo m'galaja, sanawagwiritsepo ntchito.

Ndikutuluka ndi ngongole imene sindikudziwa ngati ndi yanga.

Lachinayi, 23 Novembala

Kunyumba. Mabala auma. Palibe yankho. Foni ya Hasna ikalira mtima umagunda pa timabowo tonse tinayi. Iwo akuwerenga za mayeso, kapena akuchita ngati akuwerenga, tsamba silitembenuka.

Yusra amatsika madzulo ndi tiyi. Akuti ndizimuphunzitsa mawu awiri pa tsiku. Dzulo tinachita "posachedwa" ndi "pompano". Wafunsa kuti pompano ndi mphindi zingati. Ndamuuza kuti zimatengera amene wanena.

Lachisanu, 1 Disembala

Ndikulemba ndili pa mipando ya odikira, kuchipatala konkuja. Dokotala wa magalasi wandiona, akuti zonse zili bwino, ntchito ndikhoza kuyamba pakati pa mwezi.

Dzulo madzulo kampani inaimbira Hasna. Avomera. Alipira bedi, kamera ndi opaleshoni, kupatula mankhwala ena amene tinagula ku famase. Ndinawapempha Hasna kuti awauze atumize zolembedwa, mawu a pa foni amauluka. Atumiza usiku womwewo, ndawerengetsa kawiri. M'mawa uno fizi ya Januwale yalipiridwa, Hasna anandionetsa pa foni asanakwere basi. Anangoti, "Chaka chamawa inshuwalansi ija mudzanyinyirikanso?" Ndinati ndidzakalipira ndekha, wapansi.

Ndalama zimene anasonkha ku mzikiti ndapempha a Ayub abweze kwa eni ake. Akuti anthu akana, zikhale za wina amene adzagone pa bedi ngati lija.

Kunja kukugwa chisanu, choyamba kuchiona ndi maso anga. Yusra anati adzanditenga pochokera ku msonkhano wa kuntchito, wachedwa.

Ndapitiriza madzulo, kunyumba. Anafika akukutumula chisanu pa jekete. Anaima patsogolo panga, n'kukonza Chichewa chake bwinobwino asanayankhule.

"Pepani ankolo, msewu unadzaza. Mwamaliza liti?"

Dzanja langa linanyamuka lokha kupita kumbuyo kwa phewa. Ndinaligwira ndi linzake, ndinalibweza pa bondo, ndinayang'ana wotchi ya pakhoma.

"Hafu pasiti teni. Lero. Chaka chomwe chino."

Anayang'ana wotchiyo nayenso. Inali itadutsa thwelofu.

"Iii, ankolo," anatero akunditengera chikwama. "Kalekale ndithu."